Tsiku Limene Leslie Anakana Kutsitsa Kiyi

Pamwamba pa malo ochapitsira zovala a mumsewu wa Freeman, m'tauni ya Grimsby, pali kachipinda komwe bandi ya Saltfleet inkakumana Lachiwiri lililonse masana kukonzekera nyimbo. Makina ochapira aja akalusa pansi, chipinda chonse chinkanjenjemera, moti Wilf woimba ng'oma ankati ndi malo okhawo padziko pomwe ng'oma zake zimadziimba zokha iye akumwa tiyi.

Lachiwiri limene nkhani ino ikuyambira, Wilf, Denzil wa gitala ndi Glenda Threlfall wa kiyibodi anali atakweza kale masipika pamasitepe onse aja, thukuta lili kamukamu, pamene mwini mawu anatulukira. Leslie Pickersgill sankanyamula kanthu. Ankati woimba akanyamula katundu wolemera mpweya umathawira m'mikono. Analowa ndi mpango wasilika m'khosi, magalasi akuda kumaso ngakhale dzuwa linali litatha sabata osaoneka, ndi botolo la madzi ofunda a uchi lomwe ankalifukata ngati khanda.

"Afika a namatetule," anatero Wilf. "Tonse tiimirire."

"Wachedwa ndi theka la ola, Leslie," anatero Glenda osadzutsa mutu.

"Dzina ndi Lex."

"Mayi ako ku ubatizo sanatero."

Tisamunamizire mkuluyu, kudzimva kwake kunali ndi poyambira. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, iye, Wilf ndi Glenda anayambitsa bandi ya chamba cha rock n'kuitcha Iron Haddock, dzina la nsomba yomwe makolo awo ankakhalira kuitumbula kudoko. M'bandi imeneyo ndi momwe munatuluka "Belu la Padoko", nyimbo yomwe inatha milungu itatu ikulira pa wailesi iliyonse m'dziko muno. Chomwe chinaitchukitsa ndi kumapeto kwake. Leslie ankakweza mawu, kukweza, kukwezabe, mpaka agalu a nyumba zoyandikana kuyamba kuuwa, ndiye n'kukhazikika pomwepo, mutu chagada, dzanja m'mwamba ngati akuimitsa basi yopita kumwamba.

Kutchuka kutamukwera m'mutu anaona kuti Grimsby yamuchepera. Anawasiyira anzake kalata ya mizere itatu n'kulowera ku London, komwe analowa Velvet Gantry, bandi ya anyamata a tsitsi lofika m'chiuno, nasintha dzina kukhala Lex. Anazungulira nawo America kawiri asanakangane nawo pa nkhani yaikulu kwambiri: kukula kwa zilembo za dzina lake pachikuto cha chimbale. Kuchoka apo anakalowa bandi ina ya ku Germany, yomwe inamulemba ntchito pafoni n'kumuchotsanso pafoni. Ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu anabwerera kwawo ndi masutikesi awiri, n'kupeza Glenda ndi Wilf ali ndi kabandi kawo ka Saltfleet, akuimba m'makalabu ndi m'maukwati. Anamulandira osamufunsa za kalata ija. Iye ankauza anthu kuti wabwera kudzawatukula.

Tsopano panali patatha zaka khumi ndi zitatu chibwerereni. Tsitsi linali litayamba kusamukira kunkhongo, mimba itayamba kutsogola, koma nyimbo yotsekera inali yomwe ija, ndi kumapeto komwe kuja.

Masana amenewo anaiyamba bwinobwino. Atafika pokwera paja Leslie anaponya mutu chagada, dzanja m'mwamba, mitsempha ya m'khosi itatupa ngati zingwe zomangira boti. Chomwe chinatuluka chinali kulira kwa chitseko cha dzimbiri. Glenda anachotsa manja pa kiyibodi.

"Leslie, titsitse kiyi."

Ngakhale makina a pansi aja anakhala ngati achepetsa liwiro kuti amve nawo.

"Wati chiyani?"

"Wamva. Titsitse ndi masitepe awiri. Pamwamba paja sukufikaponso. Mawu ukuchita kuwakoka ndi chingwe, ndipo tsiku lina chingwecho chidzaduka."

"Ndi chimfine ichi."

"Chimfine chakocho chatha zaka zitatu. Chikanakhala mwana bwenzi chitayamba sukulu ya mkaka."

"Palibe chochititsa manyazi, aise," anatero Wilf. "Ine ndisanagwire timitengo iti ndimayamba ndapaka mankhwala m'zala. Denzil saona nsambo popanda mandala. Takula, basi."

"Mwakula inuyo," anatero Leslie. Anavula magalasi akuda aja, zomwe ankachita pokhapokha akafuna kunena mawu oti adzakumbukiridwe. "Anthu sabwera kudzamva kiyibodi, Glenda. Sabwera kudzaonerera Wilf akutuluka thukuta. Amabwerera kumapeto kuja. Kutsitsa kiyi n'chimodzimodzi kukalengeza pa wailesi kuti Lex watha."

"Lex ine sindimudziwa. Ndikuyankhula ndi Leslie yemwe ndinkakhala naye desiki imodzi, wotafuna mapensulo anga uja. Ukapitiriza chonchi, chaka chamawa sudzatha ngakhale kuitanitsa tchipisi pakauntala. Si kuimba kokha kumene udzataye, ndi mawu amene."

"Nsanje," anatero Leslie. "Zaka zonsezi uli kumbuyo, ukuonera msana wanga. Lero yatulukira poyera."

"Msana wakowo ndi umene ukundiuza. Ndimauona ukunjenjemera."

Leslie anakulunga mpango wake kawiri, nalengeza kuti bandi waisiya, kuti adzamufuna koma sadzamupeza, n'kutuluka atamenyetsa chitseko. Patapita mphindi ziwiri chitseko chinatsegukanso. Anali ataiwala botolo la uchi. Wilf anamupatsira mwaulemu, ndi manja awiri.

Munthu wofuna kunamizidwa sasowa womunamiza. Sabata isanathe Leslie anali atakhala pa mpando wofewa mu ofesi ya Crispin Vale ku Leeds, bambo wa nsapato zosongoka yemwe ntchito yake inali yopezera oimba akale malo oimbira m'matauni a m'mbali mwa nyanja nthawi ya tchuthi.

"Kutsitsa kiyi? Inu?" Crispin anagwira pamtima ngati walasidwa. "Bwana wanga, mawu anuwo ndi chuma cha dziko. Boma likanakhala ndi nzeru bwenzi likuwalondera ndi asilikali. Kodi amayi amenewo anafikako ku America?"

Leslie anavomereza kuti sanafikeko.

"Basi, nkhani yatha."

Crispin anamupezera oimba anayi aluso, omwe anaphunzira nyimbo zonse pomvera chimbale chakale chija, osaphonya pena paliponse. Bandi anaitcha Lex ndi Iron Haddock Yatsopano, ndipo pa zikwangwani dzina la Lex linali la zilembo zazikulu ngati chitseko cha galaja. Tsiku loyamba kukonzekera, Leslie anadabwa kuona kuti phiri la kumapeto kwa nyimbo lija latalika. Ku Saltfleet ankafika pafupi ndi nsonga n'kuterereka. Kuno nsongayo sankaiona n'komwe. Anati vuto ndi mpweya wouma wa m'chipindamo. Oimba aja anayang'anana, nakumbukira amene wawalemba ntchito.

"Mwaitha, bwana," anatero wa gitala. "Ine mpaka tsemwe."

Ndiye Leslie anatulukira nzeru yomwe oimba okalamba onse amaidziwa koma palibe amene amaivomera. Akafika pokwera paja, ankatembenuza maikolofoni n'kuilozetsa kwa anthu, dzanja lina kukhutu, nkhope yowala ngati ya munthu amene akugawa mphatso. Anthu, atakhuta mowa ndi dzuwa la tchuthi, ankakuwa mzere uja aliyense m'kiyi yake, iye n'kumangogwedeza mutu. Ku Skegness zinayenda. Ku Bridlington zinayenda. Crispin anati kumeneko ndiye kuwolowa manja kwa munthu wamkulu.

Komabe ndime zinazo ankaimba yekha, ndipo nazonso zinali zitakwera. M'mawa uliwonse ankadzuka mawu atasasa, osatuluka mpaka nthawi ya nkhomaliro, m'kamwa mukumveka ngati wanyambita chitsulo. Glenda anamuimbira foni kawiri, iye osayankha. Anamulembera uthenga: "Chitsiru iwe, pali chimene sukudziwa. Ndiimbire." Leslie anaufufuta, nauza Crispin kuti akwawo ayamba kumunyengerera kuti abwerere.

Mu Ogasiti Crispin anawapezera malo pa chisangalalo cha m'mbali mwa nyanja ku Cleethorpes, pakhomo penipeni pa Grimsby, Loweruka nthawi ya 3 koloko masana. Leslie anagula mpango watsopano. Ankati mwana wa pakhomo akubwera kudzaonetsa akwawo chimene ankachinyozera.

Chimene anaiwala n'choti akwanu ndi akwanu. Anthu a ku Skegness anali alendo odzasangalala, oti ngakhale utawalozetsa tsache akhoza kuimba. Apa panali anthu omwe anamuona akulira tsiku loyamba sukulu, atakhala pa mipando yopinda, majekete a mvula mpaka m'khosi chifukwa kunali mvumbi, aliyense ndi nsomba ndi tchipisi zake papepala. Anamvera nyimbo zisanu akutafuna. Itafika "Belu la Padoko" ena anaika mafoloko pansi, poti iyi ndi imene anabwerera.

Pokwera paja Leslie anatembenuza maikolofoni, dzanja kukhutu.

Kunangomveka mafunde.

"Imba wekha, Leslie!" anakuwa Doreen, mayi wa mzere wakutsogolo yemwe anaphunzira naye kalasi imodzi. "Ife tili ndi tchipisi m'kamwa!"

Anthu anafa ndi chiseko.

"Nyimbo ndi yako, ntchito ndi yako!" anawonjezera bambo wina kumbuyo.

Oimba aja, posowa chochita, anazungulira n'kubwereranso pomwe paja, ngati basi yobwerera munthu amene yamusiya. Apa Leslie akanatha kuseka nawo, akanatha kuwerama n'kutsika. Koma anaona maso onse aja, naona zilembo za dzina lake zikukupiza pansalu, n'kubweza maikolofoni kukamwa. Anakoka mpweya wonse wa pagombe, mutu chagada, dzanja m'mwamba. Kukhosi kunangomveka kuti thu, ngati nsambo yaduka. Kukamwa kunali yasa, koma kunkatuluka mphepo yokha.

Mbalame ina yakunyanja, imodzi mwa zokonda kulanda anthu tchipisi, inadutsa pamwamba pa siteji n'kulira mokweza.

"Onani, mbalameyo yafikapo," anatero bambo wakumbuyo uja. Koma ulendo uno oseka anali ochepa.

Lolemba dokotala wa zapakhosi anamulowetsa kachingwe ka kamera m'mphuno, namuonetsa pa kanema timinofu tiwiri tonga milomo ya nsomba.

"Mawu amachokera apa, bambo Pickersgill. Aka kakumanzere kang'ambika, katuluka magazi. Milungu isanu ndi umodzi musayankhule, musanong'one, musang'ung'udze nyimbo ngakhale m'bafa. Mukamvera, mwina mudzaimbanso, koma kumwamba kuja muiwaleko. Mukapanda kumvera, moyo wanu wonse mudzakhala mukuyankhula ndi zala."

Leslie anatenga pepala n'kulemba: "Mukudziwa kuti ndine ndani?"

"Eya," anatero dokotala. "Zalembedwa apa pa fayilo."

Lachitatu Crispin anaimba foni. Anasangalala kupeza kuti mbali inayo palibe womuyankha.

"Bwana wanga, musade nkhawa ndi pang'ono pomwe, ntchito siima. Tapeza munthu ku Doncaster, woyala makapeti, amakutsanzirani chiyambire ali mwana. Tamugulira wigi ndi mpango. Mukamumva mudzalira: akumveka ngati inu kuposa inu eni ake. Dzina lanu likhalabe pa chikwangwani, tangowonjezera kamawu kamodzi pamwamba, 'Kukumbukira'. Pumulani, mfumu."

Kamawu kameneko kanagwira ntchito yake. Patapita masiku, mayi wina woyandikana naye nyumba atakumana naye pa shopu anagwetsa botolo la mkaka, nati iye anamva kuti maliro anachitika kale.

Sabata yachiwiri kunamveka kugogoda pakhomo. Anali Glenda, atanyamula poto wokulunga m'thaulo. Leslie anali atagula kabolodi koyera kolembapo. Analemba: "Wabwera kudzaseka?"

"Ndikanafuna kuseka ndikanasekera ku Cleethorpes. Ndinalipo, kumbuyo, pafupi ndi ogulitsa ayisikilimu. Ndinalira, koma ukauza munthu ndidzakana." Anaika poto pa chitofu. "Supu iyi. Dokotala wati milungu ingati?"

Leslie anaimika zala zisanu ndi chimodzi.

"Mulungu ndi wabwino. Zaka makumi anayi ndakhala ndikudikira kuti ndiyankhule osandidula pakamwa. Khala pansi."

Anakhala.

"Pa kiyibodi yanga pali kabatani. Ndikakadina, nyimbo yonse imatsika, zala zanga zili malo omwewo. Denzil naye amangomasulako nsambo pang'ono. Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo tinatsitsa 'Belu' ndi sitepe imodzi osakuuza. Patapita zaka zinayi tinatsitsanso ina. Iwe unkatsika pa siteji chifuwa chili patsogolo, n'kumati, mwamva, kiyi ya pa chimbale yeniyeni. Wilf ankathawira kuchimbudzi kukaseka."

Cholembera chinagwa m'manja mwa Leslie.

"Anyamata ako atsopano aja anaphunzira pa chimbale. Anakubwezera pa kiyi ya mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, masitepe awiri pamwamba pa pomwe unkalephera kale. N'zimene ndinkakuimbira foni."

Leslie anatola cholembera, nalemba: "Bwanji sunangodinanso kabataniko mwakachetechete?"

"Nsambo za Denzil zinali zitalendewera kale ngati zingwe zoyanikira zovala. Koma si chifukwa chokhacho." Glenda anatakasa supu osamuyang'ana. "Ndinatopa nako kukunamiza. Tinkati tikukuteteza, chonsecho tinkangoopa mkwiyo wako. Munthu amene sakudziwa kuti mlatho unawola amauwoloka akuimba mluzu. Apa mlandu wina ndi wanga, ndikanakuuza kalekale. Koma tsiku lomwe ndinakuuzalo, nawe ukanamva."

Leslie analemba ndi zilembo zazikulu: "TULUKA."

Glenda anawerenga, nagwedeza mutu. "Supu ikatha." Anatenga mbale ziwiri.

Anabwera Lachiwiri lililonse. Wilf naye ankabwera kudzamuwerengera nkhani za mpira, momwe timu yathu yagonjera sabata imeneyo, kuti asamaganize kuti wovutika m'tauni muno ndi iye yekha. Tsiku lina, mosaganiza bwino, Wilf anamuonetsa pafoni kanema wa woyala makapeti uja ali pa siteji, wigi itapendekera, dzanja m'mwamba. Leslie anadzambatuka pampando, maso ali psuu, kukamwa kutatseguka kale kuti atulutse chitonzo chomwe chikanamveka mpaka ku Doncaster. Wilf anamutsekera ndi bisiketi.

"Tafuna, aise. Yatsala milungu iwiri. Udzamutukwana bwinobwino, ine ndidzakuthandiza."

Leslie anatafuna. Kuchokera ku Leeds sikunabwere ngakhale khadi. Munthu akakhala chete milungu isanu ndi umodzi amayamba kumva zinthu zomwe phokoso lake linkabisa, ndipo zambiri mwa izo Leslie sanazikonde.

Tsiku limene dokotala anamulola kuyankhula pang'ono, mawu ake oyamba kwa Glenda anatuluka okhuthala, a pansi, ngati boti likukhula pamiyala.

"Supu yako ilibe mchere."

"Wachira," anatero Glenda.

Panapita mwezi wina akuphunzira kutulutsa mawu osawakakamiza, ngati mwana wophunzira kuyenda. Kenako Lachiwiri lina anatulukira m'kachipinda ka pamwamba pa makina ochapira kaja, n'kuima pakhomo manja ali m'matumba.

"Glenda, tsitsa."

"Sindikumva, makina akusokosera."

"Ndati tsitsa kiyi."

"Masitepe angati?"

Leslie anati, "Wodziwa ndiwe."

Anafufuza masana onse, kutsika, kuyesa, kutsikanso, mpaka anapeza pomwe mawu ake ankakhala osawawa: masitepe asanu pansi pa chimbale. Denzil anachita kukagula nsambo zina zonenepa. Funso lomwe linatsala, limene palibe analitchula, linali lakuti kodi alipo amene angafune kumva "Belu la Padoko" yopanda kukuwa kuja.

Yankho anakalipeza Lamulungu lina masana mu Novembala, ku kalabu ya asodzi opuma ntchito. Kumeneko bandi imadziwa malo ake: imaimba pakati pa masewero a manambala otchedwa bingo ndi maere a nyama, pomwe wamwayi amapita kwawo ndi mwendo wa nkhosa. Wapampando, a Stan Blenkin, bambo wa zaka makumi asanu ndi atatu yemwe unyamata wake wonse unathera panyanja, amakhala patebulo lawo ndi maikolofoni yawoyawo, ndipo mapayi otentha akafika kuchokera kukhitchini amadula aliyense amene akuimba kuti alengeze. Anadulapo ngakhale m'busa pakati pa pemphero.

"Tsopano tili ndi Saltfleet," analengeza a Blenkin, "ndi mwana wa malemu Arthur Pickersgill, Leslie, uja ena mumati anatsikira kulichete. Ndi uyu apa. Mphindi makumi awiri, kenako nyama."

Nyimbo zitatu zoyamba zinadutsa anthu akucheza, matambula akulira. Kenako Glenda anayamba "Belu", pang'onopang'ono, pansi.

Popeza panalibenso phiri loti alithamangire, Leslie anayamba kutchula mawu amodziamodzi, ndipo anadzidzimuka atawamva. Anawalemba yekha ali mnyamata: za belu lomwe linkalizidwa padoko boti likapanda kubwerako, ndi za mayi amene ankaikabe mbale ya mwamuna wake patebulo mpaka chisanu chinatha. Botilo linali la abambo ake, lomwe linasowa kufupi ndi Iceland iye ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Mayiyo anali mayi ake. Zaka zonsezi mawu amenewa anali atangowasandutsa makwerero okwerera pamwamba paja, n'kumawaponda osawayang'ana.

Macheza anazilala tebulo ndi tebulo. Amayi a bingo anaika zolembera pansi. Ali pakati pa ndime yachitatu mapayi anatulukira pakhomo la khitchini, nthunzi ili tolotolo. A Blenkin ananyamula maikolofoni yawo, naiyang'ana, n'kuibwezanso patebulo.

Pofika kumapeto, dzanja la Leslie linayamba kunyamuka lokha mwachizolowezi. Analigwira ndi linzake n'kulilowetsa m'thumba. Mzere womaliza anauimba pansi pomwepo, mawu osasa pang'ono, n'kuusiya uzime wokha.

Panapita kanthawi kuti anthu ayambe kuwomba m'manja, ndipo ena sanawombe chifukwa ankafufuza timipango m'matumba. A Blenkin anamukodola.

"Mnyamata iwe, nyimbo imeneyi ikunena za boti la Arthur?"

"Eya, bambo."

"Zaka zonsezi ine ndinkati ukukuwa chifukwa buluku lakuthina." Kenako anawonjezera: "Ndinali m'boti lomwe linapita kukawafunafuna. Masiku anayi." Anakhosomola, nawongola tayi. "Sizinaipe. Mubwerenso Lamulungu likudzali."

Kwathu kuno munthu akakuuza kuti sizinaipe, ndiye kuti wakuveka mendulo.

Maere a nyama ali mkati, Glenda akukulunga mawaya, anayankhula osatembenuka. "Ndime yachiwiri unalowa mochedwa."

Leslie anatsegula pakamwa, diso lili pa Wilf, mlandu utapeza kale mwini wake. Kenako anatseka.

"Ndamva. Tikaikonze Lachiwiri."

"Glenda, itana ambulansi," anatero Wilf. "Munthuyu sali bwino."

Leslie sanasanduke mngelo. Amakanganabe ndi Wilf za liwiro la ng'oma, ndipo Glenda akamudzudzula nkhope imayamba yamanga tsinya. Koma amamva, ndipo mawu ali nawo, oti adzaimba nawo mpaka mano atatha m'kamwa. Makalabu a m'mbali monse mwa mtsinje wa Humber amachita kuwalimbirana Lamulungu masana. Okuwombera m'manja ukuthamangira kuphompho ndi ambiri, ndipo manja awo sawawa. Wokugwira malaya n'kukuuza zowawa amakhala mmodzi, mwina awiri, moyo wako wonse. Paja akulu sananame: wakutsina khutu ndi mnansi.